Franklin: Mwana wa m'katuni yemwe adabadwa chifukwa cha kalata ya wowerenga

Makatuni otuluka tsiku ndi tsiku m'nyuzipepala amaoneka ngati nkhani zongoseketsa, koma owerenga ambiri amatenga anthu a m'makatuniwo ngati anansi awo. Amalemba makalata oyamikira, odandaula, ngakhalenso opempha kuti nkhani isinthe. Chitsanzo chodziwika bwino ndi cha Franklin, mwana woyamba wachikuda kulowa m'katuni ya ku America yotchedwa Peanuts.

Katuniyi idayamba kutuluka pa 2 Okutobala 1950 m'nyuzipepala 7, ndipo woijambula adali Charles Schulz. Imasimba za kagulu ka ana, makamaka Charlie Brown ndi galu wake Snoopy. Itafika pachimake, inkatuluka m'nyuzipepala zoposa 2,600 m'maiko 75. Komabe, kwa zaka pafupifupi 18 zoyambirira, m'katuniyi mudalibe mwana wachikuda.

Pa 4 Epulo 1968, Martin Luther King Jr., mtsogoleri womenyera ufulu wa anthu akuda, adaphedwa mumzinda wa Memphis. M'mwezi womwewo mayi Harriet Glickman, mzungu yemwe adali mphunzitsi ku Los Angeles, adalembera kalata a Schulz kuwapempha kuti aikemo ana achikuda m'katuni yawo. Maganizo a mayiwa adali akuti zimene ana amaona m'nyuzipepala zimathandiza kuumba momwe amaonera anzawo a mtundu wina.

Poyankha, a Schulz adati ganizolo adalimva, koma ankaopa kuti anthu akuda angaone ngati mzungu akungowachitira chisoni. Mayi Glickman sadagwe ulesi. Adaonetsa yankholo kwa anzawo achikuda omwe adali ndi ana, ndipo mmodzi mwa iwo, a Kenneth Kelly, adalemba kalata yolangiza kuti mwanayo akhale wamba, wongosewera ndi anzake popanda kumusandutsa ngwazi.

Franklin adaonekera koyamba pa 31 Julayi 1968. Adakumana ndi Charlie Brown m'mbali mwa nyanja pomubwezera mpira wake womwe udapita m'madzi, kenako awiriwa adasewera limodzi pamchenga. Pocheza, Franklin adanena kuti bambo ake ali kunkhondo ku Vietnam. Pambuyo pake ankaonetsedwa ali m'kalasi limodzi ndi mtsikana wachizungu, Peppermint Patty.

Nkhani ya kalasi ndi yomwe idautsa mkangano. Ngakhale khoti lalikulu la dzikolo lidagamula m'chaka cha 1954 kuti kulekanitsa ana m'sukulu za boma potengera khungu nkosemphana ndi malamulo, anthu ambiri m'zigawo zakumwera ankakanabe chigamulocho. Malinga ndi zomwe a Schulz adafotokoza patapita zaka, mkonzi wina wa kumwerako adawalembera kuwapempha kuti asamajambule anawo ali m'sukulu imodzi. Adatinso kampani yogulitsa katuniyi kunyuzipepala, United Feature Syndicate, itaonetsa nkhawa, iwo adauza mkulu wake kuti asindikize katuniyo momwe adaijambulira, apo ayi asiya ntchito.

Kwa owerenga ena, kubwera kwa Franklin kudali chilimbikitso chachikulu. Robb Armstrong, wa ku Philadelphia, adali ndi zaka 6 pamene adaona mwana wofanana naye m'katuniyi. Atakula adakhala wojambula makatuni, ndipo m'chaka cha 1989 adayambitsa yakeyake yotchedwa JumpStart, yosimba za banja lachikuda. M'chaka cha 1994, a Schulz adamupempha chilolezo chogwiritsa ntchito dzina la bambo ake, ndipo kuchokera pamenepo mwana wa m'katuni uja adayamba kudziwika kuti Franklin Armstrong.

Madandaulo adachokeranso mbali ina. Ena adati Franklin adajambulidwa wangwiro mopitirira muyeso, wopanda tizofooka toseketsa tomwe timachititsa kuti ana enawo akondedwe. Enanso adadzudzula filimu ya pawailesi yakanema ya 1973, A Charlie Brown Thanksgiving, momwe Franklin akuoneka atakhala yekha mbali imodzi ya tebulo pamene anzake akhala mbali zina. Filimu ya 2024 yotchedwa Welcome Home, Franklin, yomwe a Armstrong adathandiza kulemba, idabwerezanso chithunzi cha patebulocho, koma ulendo uno anzake akumuitana kuti adzakhale pambali pawo.

A Schulz adamwalira pa 12 Febuluwale 2000, ndipo katuni yawo yomaliza idatuluka m'mawa mwake. Mayi Glickman adamwalira m'chaka cha 2020. Makalata omwe awiriwa adalemberana adaonetsedwapo kunyumba yosungirako ntchito za a Schulz ku Santa Rosa, m'chigawo cha California, monga umboni wakuti katuni yomwe inkawerengedwa ndi anthu miyandamiyanda idasintha chifukwa wowerenga mmodzi adalemba kalata, ndipo atayankhidwa mokayikira adalembanso.