Halloween inakulila m'nyumba za osauka

October akafika kumapeto, mafoni athu amadzala na zithunzi za ana a ku America atavala zovala zodula, nyumba zokolekedwa mafupa a pulasitiki, na mabaketi odzala maswiti. Muno mu Lusaka namo mashopu ena amaika maungu a pulasitiki pa windo, ndipo masukulu ena olipila amauza makolo kuti mwana abwele atavala monga mfumukazi kapena Spider-Man. Ambili a ife timangoona n'kukamba kuti izi n'za anthu a ndalama. Ena timakanilatu cifukwa ca cikhulupililo, ndipo umenewo ni ufulu wa munthu aliyense. Koma olo amene sakondwelela tsikuli angapezemo kanthu m'mbili yake, cifukwa kwa zaka mahandiledi ambili linali m'manja mwa mabanja amene anali kuwelenga khobili lililonse. Ndalama zinaloŵamo mocedwa maningi.

Tiyambile ku Ireland na Scotland. Kumeneko kutha kwa October ndiye kutha kwa kukolola, ndipo kutsogolo kumakhala miyezi ya mphepo yoopsa. Anthu akale a kumeneko anali kucha nthawi imeneyi Samhain. Ng'ombe zinali kutsika ku mapili kumene zinali kudya msipu, ndipo banja lililonse linali kukhala pansi n'kuwelenga: udzu wouma umene tasunga ukwanila ziweto zingati? Zimene sakanatha kudyetsa anali kuzipha, nyama n'kuithila mcele kuti ifike nayo kutali. Phwando la usiku umenewo linali kucokela pa mawelengelo amenewa. Pambuyo pake Chechi inakhazikitsa 1 November kukhala tsiku la oyela mtima onse, na 2 November kukhala lokumbukila akufa. Usiku wa 31 October unachedwa All Hallows' Eve, dzina limene linafupika n'kukhala Halloween.

Mwambo woyenda khomo na khomo unayamba na njala. Ku England, pa masiku amenewa anthu osauka anali kugogoda pa nyumba za opeza bwino. Mwini nyumba anali kuwapatsa kamkate kozungulila kochedwa soul cake, ndipo iwo anali kulonjeza kupemphelela abululu ake amene anamwalila. Pakati pa opempha a nthawi imeneyo panali akazi amasiye, okalamba, akhungu na olemala, anthu amene sakanatha kugwila nchito ya m'munda. Cofunika kuona apa n'cakuti wopemphayo sanali kubwela cimanja-manja. Anthu anali kukhulupilila kuti pemphelo la wosauka lili na mphamvu, conco wolemela nayenso anali kufuna cinthu kwa iye. Pa tsiku limenelo munthu woyenda na ndodo anali kuima pa khomo la bwana mopanda manyazi, cifukwa zinali ngati msika: iwe mkate, ine pemphelo.

Ku Scotland na Ireland ana ndiwo anatenga mwambowu. Covala cinali jekete yakale ya atate yotembenuza kunja-kumkati, kapena nsanza za ambuya, ndipo kumaso anali kudzola mwaye wa pa ciko. Mwana sanali kulandila kanthu asanaimbe nyimbo, kunena ndakatulo kapena kuseketsa eni nyumba. Malipilo ake anali apozi, mtedza wa m'mitengo, kapena kakhobili. Nyali anali kuipanga na turnip, mbewu yolimba yokula m'nthaka imene anali kudyetsanso ziweto. Anali kuikumba mkati na mpeni, kuiboola maso na pakamwa, n'kuikamo khala la moto kapena kacidutswa ka kandulo. Mu myuziyamu ya ku Castlebar, m'cigawo ca Mayo ku Ireland, mukali cifanizilo ca nyali yotele, na nkhope yake yoopsa kuposa zapulasitiki zonse zimene tiona lelo. Cakudya ca usikuwo cinali colcannon, kutanthauza mbatatisi zosinja pamodzi na kabichi, na mkate wa zipatso zouma wochedwa barmbrack, umene amayi anali kubisamo mphete. Woipeza anali kusekedwa kuti ndiye adzayamba kuloŵa m'banja. Maseŵela onse anali kufuna beseni ya madzi na maapozi ocepa cabe.

Kenako kunagwa tsoka. Kuyambila 1845 mpaka 1852 matenda anawononga mbatatisi za ku Ireland, cakudya cimene osauka anali kudalila monga mmene ife tidalila cimanga. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anafa, ndipo enanso oposa 1 miliyoni anakwela zombo, ambili kupita ku America na Canada. Anafika ku New York na Boston alibe katundu, koma miyambo inali m'mutu. Kumeneko anapeza dzungu, limene linali lochipa, lalikulu, komanso lofeŵa kusema kuposa turnip. Dzungu limene lelo ni cizindikilo ca malonda a Halloween linasankhidwa na anthu othaŵa njala cifukwa ndilo linali pafupi.

M'mizinda ya ku America imeneyo, wopempha sanalandilidwe monga kale. Mu 1867 mzinda wa San Francisco unapanga lamulo loletsa anthu olemala kapena opunduka moonekela kudzionetsa m'misewu. Chicago inapanga lofanana nalo mu 1881, ndipo linakhalabe m'mabuku mpaka 1974. Masiku ano malamulo amenewa amachedwa ugly laws. Tangoganizani: mwana wabwino-bwino anali kuvala nsanza usiku umodzi n'kuyenda motsimphina monga wopempha kuti anthu aseke, pamene wopempha weni-weni wokhala na mwendo umodzi anali kulipitsidwa faindi cifukwa cooneka pa msewu. Mwambo unawoloka nyanja, koma anthu amene unayambila pa iwo anatsekeledwa kunja.

Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, Halloween ku America inali usiku wa anyamata osokoneza. Anali kuzula mageti, kugwetsa zimbudzi za panja, na kutsegulila ziweto. Mu 1920 tauni ya Anoka ku Minnesota inatopa nazo, ndipo inakonza pelete na phwando la ana onse kuti acoke m'misewu. Mau akuti trick or treat, amene tanthauzo lake ni "tipatseni kanthu, apo ayi tikuvutitsani", anayamba kumveka ku Canada ca m'nthawi imeneyo. Cuma ca America citagwa mu 1929, mamiliyoni a anthu anacotsedwa nchito ndipo kusokoneza kwa anyamata kunakula. Makolo analibe ndalama zocitila phwando aliyense payekha, conco anagaŵana. Nyumba yoyamba inali kupeleka covala, kaŵili-kaŵili nsalu yakale ya pabedi yoboola maso. Yaciŵili inali kupeleka mbuliwuli na maapozi. Yacitatu inali kuzimitsa magetsi m'cipinda capansi kuti ana aloŵe n'kuopsezana. Zaka zimenezo amayi anali kusoka madilesi na masaka a ufa wa tiligu, mpaka makampani ogaya anayamba kusindikiza maluŵa pa masakawo poona kuti ndiwo zovala za ana. Covala ca Halloween cinali kucokela m'thumba limodzi-modzilo.

Nkhondo yaciŵili ya dziko lonse inacepetsanso zinthu. Kuyambila 1942 mpaka 1947 shuga ku America inali kugulidwa na makuponi, ndipo maswiti anasoŵa. Akulu-akulu athu amene anaimako pa mizele na makuponi a unga kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 adziŵa mmene nyumba imayendela zinthu zikakhala conco. Shuga itabwelela, amalonda anaona mpata. Kampani ya Ben Cooper ya ku New York, imene inayamba mu 1937, inadzaza mashopu na zovala za m'katoni zokhala na cigoba ca pulasitiki covala kumaso. Makampani a maswiti anayamba kulongedza tumaswiti tung'ono-tung'ono twa tsikuli. Ngakhale n'conco, mzimu wakale sunafe msanga. Mu 1950 ana a ku Philadelphia anayenda khomo na khomo na makatoni a mkaka opanda kanthu, kupempha makhobili othandizila ana ovutika pambuyo pa nkhondo. Anasonkhanitsa madola 17 n'kutumiza ku UNICEF, ndipo mwambowo unafalikila dziko lonselo. Koma malonda ndiwo anapambana. Mu 2023 bungwe la eni mashopu la National Retail Federation linayelekezela kuti anthu a ku America adzawononga madola 12.2 biliyoni pa Halloween ya caka cimeneco cokha.

Phwando likayamba kugulidwa, amene amayamba kutsala ni mwana wa m'banja losauka, ndipo pakati pa osaukawo, mwana wolemala. Ulemali umadya ndalama. Pafunika njinga ya olemala, mankhwala, takisi pamene ena akwela basi, komanso kholo limene laleka nchito kuti lisamalile mwana. Mu 2023 bungwe la Scope la ku Britain linapeza kuti banja lokhala na munthu wolemala limafunika mapaundi 975 owonjezela mwezi uliwonse kuti likhale na umoyo wolingana na wa mabanja ena. Apa m'pamene pacokela nkhani yocotselako mtengo kwa olemala. Mu 1981, caka cimene United Nations inacipatula kukhala ca anthu olemala, Britain inayamba khadi ya sitima yochedwa Disabled Persons Railcard. Imacotsako gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa tikiti, kwa mwini khadi na kwa munthu womupelekeza. Khadi ina, CEA Card, imalola wopelekeza kuloŵa mahala mu sinema. Ku America kuli Access Pass, imene imaloŵetsa munthu wolemala m'mapaki a boma kwa moyo wake wonse osalipila pa geti. Maganizo ake ni osavuta: ngati sungapite wekha, n'kulakwa kukulipilitsa kaŵili pa ulendo umodzi.

Zinthu zimenezi sizinabwele cifukwa ca cifundo ca olamulila. Pa 12 March 1990, anthu olemala anasonkhana ku Washington cifukwa lamulo loteteza ufulu wawo linali kucedwa m'nyumba ya malamulo. Ena anatsika pa njinga zawo, kusiya ndodo, n'kukwela masitepe a Capitol cokwaŵa. Pakati pawo panali mtsikana wa zaka 8, Jennifer Keelan. Pa 26 July caka cimeneco Pulezidenti George H. W. Bush anasaina lamulo la Americans with Disabilities Act, limene linalamula kuti mabasi, mashopu na maofesi akhale ofikilika kwa onse.

Koma lamulo silifika pa khonde la nyumba ya munthu, ndipo Halloween imacitikila pa khonde. Masitepe atatu cabe ni okwanila kuti mwana wa pa njinga atsale ku msewu pamene anzake agogoda. Apa makolo anabwelela ku nzelu zakale. Anayamba kuveka njinga ya mwana makatoni na penti, n'kuisandutsa ndeke, sitima kapena motoka ya ozima moto, mpaka anzake n'kuyamba kumucitila nsanje. Mashopu anatsatila pambuyo: Target inayamba kugulitsa zovala zoveka njinga za olemala mu 2019. Ku Toronto, kuyambila 2017, gulu la Treat Accessibly limalimbikitsa anthu kutulutsa tebulo ya maswiti n'kuiika pafupi na msewu. Mu 2014 bungwe la FARE linafalitsa Teal Pumpkin Project: dzungu lopakidwa penti yobiliŵila mwa buluu pa khomo limauza mwana amene thupi lake limadana na zakudya zina kuti pano apatsa mapensulo na tuzidole. Pa zonsezi, cimene cinathandiza kwambili cinali cochipa: katoni, penti, na kusuntha tebulo.

Manje ife bwanji? October wathu ni wa dzuŵa loŵaula na mbendela za pa 24, ndipo maungu a m'munda amakhala atatha kale. Palibe amene afunika Halloween kuti akhale munthu. Koma mapwando a ana tili nawo: mabafide, Khisimasi, tsiku lotsekela sukulu. Nafenso tiyamba kuwapima na mtengo wa keke na zithunzi za pa Instagram, ife amene tinakula tipanga mamotoka a waya na mpila wa mapulasitiki. Tili na lamulo la Persons with Disabilities Act la 2012, ndipo bungwe la ZAPD limalembetsa anthu olemala na kuwapatsa makhadi. Munthu akatulutsa khadi imeneyo pa mzele, tisamuyang'ane monga wapatsidwa bonasi. Ndalama zake zinatha kale asanafike pamene ife tayambila kulipila.

Ndiye tikamakonza phwando la mwana wathu kapena la mng'ono wathu, tisanayambe kudandaula za mtengo wa mabaluni, tiwelenge ana a mu komboni yathu amene sitiwaonako pa mapwando. Ena sabwela cifukwa alibe mphatso yobweletsa. Wina sabwela cifukwa pa geti pathu pali ngalande imene njinga yake singadumphe, ndipo palibe anaganizapo zoikapo thabwa. Mbuliwuli, zitumbuwa na jusi yosungunula zikwanila ana makumi aŵili, ndipo thabwa tingabweleke kwa kalipentala wa pa kona.