Gogodela ndi Phewa la Mwini Wake

M'midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni, mfuti imene anthu akhala nayo nthawi yaitali kuposa ina iliyonse ndi gogodela, ija yothira wonga ndi chipolopolo cha kukamwa n'kutsendera ndi kamtengo kachitsulo. Akulu akamasimba nkhondo zamakedzana amakonda kunena kuti amene anali ndi mfuti ndiye anali mwini dziko. Mbiri ya chigwa cha Lilongwe sikugwirizana ndi mawu amenewa. Mfuti zinalipo m'manja mwa Achewa pamene Angoni ankathira nkhondo midzi ndi nthungo ndi zishango, koma midziyo inkagwabe. Chimene chinkasiyanitsa opambana ndi ogonja chinali kutha kuwomba n'kulasa. Luso limeneli munthu amalipeza powomba kambirimbiri, kuwomba kulikonse kumadya wonga, ndipo wonga unkachokera kutali, m'manja mwa anthu ena amene ankasankha okha woti amugulitse.

Mfuti zinalowa kuno ndi malonda a minyanga ya njovu ndi akapolo. Pamene Mpwitikizi António Gamitto ankadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 pa ulendo wa kwa Kazembe, zida zimene anaziona zili ponseponse zinali mauta, mivi ndi nkhwangwa. Patangopita zaka zowerengeka zinthu zinayamba kusintha. Kumwera kunkachokera Achikunda, alenje a njovu a ku Tete ndi ku Zumbo. Kunyanja, Salim bin Abdallah, Jumbe woyamba, anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840, ndipo amtengatenga ake ankakwera kumtunda kudzera ku Kasungu mpaka ku Luangwa. Mfuti zimene ankabwera nazo sizinali zapamwamba. Zina zinali zakale zimene magulu ankhondo a ku Ulaya anazitaya nkhondo za Napoleon zitatha mu 1815, zina zinkapangidwa motchipa ku Birmingham ndi ku Liège n'cholinga chodzagulitsa mu Africa basi. Dera la pakati pa Namitete ndi Nambuma linali pambali pa njira zikuluzikulu zimenezi, choncho mfuti inkafika imodziimodzi, ndipo wonga unkafika mwa apo ndi apo.

Kuti timvetse vuto lake, tiyang'ane mmene munthu ankaiwombera. Ankaimika mfuti pansi, kukamwa kuli m'mwamba, n'kutsanula wonga wa m'nyanga kapena m'chigubu. Pamwamba pake ankatsenderapo sanza kapena luzi, kenaka chipolopolo, kenaka sanza ina yoti chisagwe. Mtovu unkasowa, motero chipolopolo nthawi zambiri chinali chidutswa chachitsulo chimene wosula wachisadzula pa chipala, chosakwana bwino mu mpope, chotuluka mokhotakhota. Wonga wamalondawo unali wamibulu ikuluikulu ndi wofooka, ndiye mwini mfuti ankathira wochuluka, kuyeza ndi zala pa kamtengo kotsenderera kaja. Akakoka kachitsulo kowombera, mwala unkakhula chitsulo, moto n'kuthetheka pafupi ndi diso lake, ndipo pankapita kamphindi mfuti isanalire. Ikalira inkamenya paphewa mwamphamvu, mwina kumusiya ndi chotupa, ndipo mpope wotha ntchito unkatha kuphulika n'kudula zala. Munthu amene waonapo zotere amaphunzira msanga kutsinzina, kutembenuza nkhope, ndi kuigwirira mfuti kutali ndi thupi. Zonsezi n'zomveka kwa wofuna kusunga maso ndi zala zake, koma chipolopolo chowombedwa motero chimangopita kumene chafuna.

Mantha amenewa sanali a anthu akuda okha. Frederick Selous, mlenje wotchuka wa ku England amene anayamba kupha njovu kumwera kwa Zambezi mu 1872, ankagwiritsa ntchito mfuti zikuluzikulu zothira kukamwa zomwezi, ndipo anavomera m'buku lake kuti kukankha kwake kunamuwononga mtima mpaka kunasokoneza kawombedwe kake kwa zaka zambiri. Chifukwa chake n'chodziwika bwino. Mphamvu imene ikukankhira chipolopolo kutsogolo ikukankhiranso mfuti m'mbuyo mofanana. Mfuti ikakhala yolemera, kulemerako kumameza gawo la kukankhako. Ikapepuka, kapena wonga ukachuluka, thupi la wowomba ndilo limalandira. Mfuti ya asilikali a Britain ya nthawi ya nkhondo za Napoleon inkalemera makilogalamu oposa 4, ndipo msilikali wophunzitsidwa tsiku ndi tsiku ankawomba pafupifupi katatu pa mphindi imodzi, n'kumalasa modalirika pa mtunda wosapitirira kwenikweni mamita 50 kapena kuposerapo pang'ono. Mlimi wa ku Nsaru amene ankasunga wonga wake ngati mankhwala sakanafika pamenepo.

Tsono taonani adani amene anakumana nawo. Gulu lina la Angoni linawoloka Zambezi mu November 1835, ndipo pofika zaka za m'ma 1870 chigwa cha Lilongwe chinali pakati pa magulu awo atatu: a Mpezeni kumadzulo, a Chiwere cha ku Dowa, ndi a Maseko cha ku Domwe. Nkhondo yawo inali yodzidzimutsa m'bandakucha ndi kuthamangira mdani mpaka kumufika pamphuno. Mnyamata wothamanga amamaliza mamita 50 munthu wa gogodela asanatsendere chipolopolo chachiwiri. Akaphonya koyamba, chimene chatsala m'manja mwake ndi chibonga chachitali chosagwirika bwino. Mvula ikanyowetsa wonga, ngakhale koyambako kulibe. Woponya mivi ya ulembe, amene anayamba kulasa mbalame ali mwana, ankatha kuponya kangapo pa nthawi yomweyo, ndipo muvi sunkafuna wamalonda wa ku Tete. N'chifukwa chake anthu ambiri anapulumukira m'malinga ndi m'mapiri, monga anachitira anthu a Mazengera pa phiri la Nkhoma, ndipo kachisi wa Makewana ku Msinja, m'munsi mwa Dzalanyama, anapasulidwa m'zaka zomwezo.

Wina anganene kuti nanga Mwase wa ku Kasungu bwanji, poti iye anawathyola Angoni ndi mfuti zomwezi, mpaka malo a Nguru ya Nawambe akukumbutsabe za kugonja kwawo. Funso limeneli ndi lolemera, ndipo n'zoona kuti popanda mfuti Mwase sakanaima. Koma Kasungu inali pa njira yeniyeni ya minyanga yochokera ku Luangwa kupita kwa Jumbe, motero wonga sunkatha. Mwase anali ndi alenje a njovu amene kuwomba inali ntchito yawo ya chaka chonse, anthu oti phewa linazolowera kale ndipo diso silinkatsinzinanso. Analinso ndi malinga. Kuseri kwa linga munthu amatsamiritsa mpope pa mtengo, amathira wonga mosathamanga, ndipo mfuti zambiri zikalirira pamodzi pa gulu lothithikana, kuphonya kwa mmodzi sikuoneka. Nkhani ya Mwase ikutsimikiza mfundo yomwe ija, chifukwa zimene zinamupambanitsa ndi zimene mafumu ang'onoang'ono a kumadzulo kwa Lilongwe analibe. Alenje nawonso, tisaiwale, ankapha njovu poinyang'amira mpaka pafupi kwambiri, pamene chinyama chachikulu chotero n'chovuta kuchiphonya.

Ngati gogodela inali yosadalirika chotere, n'chifukwa chiyani anthu ankapereka minyanga, ngakhale anthu anzawo, kuti aipeze? Mbali ina yankho lili m'kulira kwake. Mfuti inkamveka kutali kuposa ng'oma, inkathamangitsa nguluwe ndi anyani m'minda, inkalengeza maliro a mfumu ndi kuperekeza mtembo wake kumanda. Mlendo akaona mfuti zitatu zitatsamira pakhonde la mfumu ankadziwa kuti mudzi uno uli ndi abwenzi kunyanja kapena ku Zambezi. Pa ntchito zonsezi mfuti inkafunika kuonekera ndi kumveka, ndipo kulasa kunali kwachiwiri. Palibe amene ankaganiza zoibisa, ndipo sikukanatheka, poti kutalika kwake kunkafika pachifuwa cha munthu wamkulu. Mudzi wonse unkadziwa mwini wake, unkadziwanso ngati ali wopsa mtima kapena woleza.

Azungu anaimvetsa bwino nkhani ya wongayi kuposa mmene timaganizira. Pangano la ku Brussels la 1890, limene maiko a ku Ulaya anasainirana ponena kuti akuthetsa ukapolo, linaletsa kugulitsa mfuti zamakono m'chigawo chachikulu cha Africa, koma linasiya mpata wogulitsa mfuti zamwala ndi wonga wamba. Kunena kwina, mwini dziko analoledwa kukhala ndi mfuti yokankha ndi yochedwa, pamene boma la Harry Johnston linkabwera ndi mfuti zothira kumbuyo, mizinga, ndi asilikali achi Sikh ophunzitsidwa kuwomba pa chandamale. Mwase anagonja mu December 1895 ndipo anadzipha. Angoni a Mpezeni anagonja mu January 1898 pamaso pa mfuti za Maxim, ndipo Nsingo, mwana wa Mpezeni, anaphedwa. Boma litakhazikika ku Lilongwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, mfuti ndi wonga zinayamba kufuna chiphaso, ndipo malamulo a nyama zakutchire anachepetsa malo osakako. Gogodela sinafe. Inatsikira m'manja mwa osula a m'midzi, amene ankaikonza ndi kupanga zina ndi mipope yotoleza, ndipo mpaka lero alonda a nkhalango ya Kasungu, imene inakhala National Park mu 1970, amalandabe mfuti zotere kwa opha nyama mozemba.

Mfuti yobisa inabwera mochedwa, ndipo inabwera ndi nkhondo ya eni ake. Nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira kuno anthu oposa 1 miliyoni, ndipo mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, mfuti za AK-47 zimene zinatsala zinayamba kuwoloka malire, amene kumwera chakumadzulo kwa Lilongwe amadutsa m'mapiri a Dzalanyama. Mu December 1993 asilikali a Malawi analanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani, ndipo ambiri a iwo anathawira ku Mozambique komweko. Zaka zotsatira anthu anaona umbanda wa mfuti umene sanauzolowere. AK-47 inathetsa mavuto onse a gogodela nthawi imodzi: siopa mvula, imanyamula zipolopolo 30, ndipo poti ndi yolemera makilogalamu pafupifupi 4 pamene chipolopolo chake n'chaching'ono, kukankha kwake ngakhale mnyamata amakupirira. Kuopsa kwake kwenikweni n'kumeneko, kuti inachotsa chotchinga cha luso chimene kale chinkachepetsa anthu otha kupha ndi mfuti.

M'mantha amenewa ndi mmene munabadwira chilakolako cha pistol, kamfuti kolowa m'chiuno kapena m'chikwama. Wamalonda wogula soya ndi mtedza pa Nsaru kapena pa Mpingu, amene amayenda ndi ndalama zambiri nyengo yokolola, akaganiza zodziteteza amaganiza za kameneka, ndipo lamulo la Firearms Act la 1967 limamulola kukapempha chiphaso kupolisi. Ambiri amayesa kuti kamfuti kakachepa ndiye kuti n'kosavuta. Zoona zake n'zotembenuka. Makarov ya ku Russia, imene inafala m'maiko amene ankalandira zida za Soviet Union, imalemera magalamu pafupifupi 730, ndipo ma pistol ena opangidwira kubisa amapepuka kuposa apo. Alibe tsinde lotsamiritsa paphewa, choncho kukankha konse kumathera m'dzanja, mpope n'kudumphira m'mwamba. Chogwirira chikafupika, chala chaching'ono chimalendewera pachabe ndipo dzanja siligwira zolimba. Mpope ukafupika, timizere toyang'anira timayandikana, moti kunjenjemera kosaoneka ndi maso kumasanduka kuphonya kwakukulu pa mamita 10. Wowomba amene sanazolowere amayamba kukankhira dzanja pansi mfuti isanalire, poyembekezera kumenyako, ndipo kumeneku ndi kutsinzina komwe kuja kwa mwini gogodela.

Otsutsa adzati kufanizira pistol yamakono ndi gogodela n'kukokomeza, poti iyi siphulika m'manja, siopa chinyezi, ndipo ukaphonya umawombanso pomwepo. Zonsezo n'zoona, ndipo pa chitsulo chokha palibe mpikisano. Koma kuwombanso msanga kumathandiza munthu amene dzanja lake limabweza mpope pamalo pake ukadumpha. Kwa wosaphunzira kumangochulukitsa zipolopolo zosochera, pamsika pamene pali amayi ogulitsa tomato ndi ana. Aphunzitsi a zowomba kulikonse amagwirizana kuti pistol ndi yovuta kuidziwa kuposa mfuti yaitali, ndipo luso lake limazilala msanga munthu akaleka kuyeserera. Kuyesererako kumafuna zipolopolo zambiri, zonse zochokera kunja, zogulidwa ndi ndalama zakunja ndiponso ndi chilolezo, komanso malo otetezeka owomberako, amene kwa Kabudula kapena ku Nambuma munthu wamba sangawapeze pafupi. Wamalonda uja akhoza kulandira chiphaso chake n'kugula kamfuti kabwino, koma pa nkhani ya wonga ali pamene panali mafumu a m'chigwa chino mu 1870, osati pamene panali Mwase. Kusiyana kwake n'kwakuti mfuti ya mafumu aja inkagwirako ntchito ina pongoonekera pakhonde, pamene iyi, poti ndi yobisa, siopseza wakuba amene sakudziwa kuti ilipo, ndipo ntchito yake yonse yatsamira pa kulasa.