Mpunga wa mawanga onga a matenda

Mpunga wa mawanga onga a matenda ndi mpunga umene masamba ake amatuluka timadontho tofiirira kapena takuda ngakhale kuti palibe kachilombo kalikonse kamene kaugwira. M'Chingerezi mbewu zotere zimatchedwa lesion mimic mutants. Chimene chimayambitsa mawangawa ndi kuwonongeka kwa jini imodzi mwa majini amene amalamulira nthawi yoti maselo a tsamba afe.

Mmene zimachitikira

Mbewu yabwinobwino ikagwidwa ndi tizilombo toyambitsa matenda, nthawi zina imapha dala maselo ochepa ozungulira pamene kachilomboko kalowera kuti kasafalikire. Mu mpunga wa mawanga, chitetezo chimenechi chimayamba chokha popanda mdani. M'masamba mumachuluka hydrogen peroxide, majini a chitetezo amadzuka, ndipo maselo amafa m'timagulu. Mitundu yambiri imakalambanso msanga: kubiriwira kumatha, masamba amachita chikasu n'kuuma njere zisanakhwime bwino.

Majini odziwika

Mtundu wakale kwambiri ndi Sekiguchi lesion, umene unalembedwa ku Japan mu 1965. Patapita zaka zambiri, mu 2010, zinadziwika kuti jini yake imapanga puloteni yosandutsa tryptamine kukhala serotonin.

Jini ya Spl7 inapezeka mu 2002. Imathandiza mbewu kupirira kutentha, ndipo ikawonongeka, mawanga amachuluka kukamatentha komanso dzuwa likamawomba kwambiri. Jini ya Spl11 inafotokozedwa mu 2004 kuchokera ku mpunga wa IR68 umene unathiridwa mankhwala osintha majini otchedwa EMS. Mpunga umenewu umalimbana bwino ndi matenda awiri akuluakulu: blast, yoyambitsidwa ndi fangasi ya Magnaporthe oryzae, ndi bacterial blight, yoyambitsidwa ndi mabakiteriya a Xanthomonas oryzae. Spl28, imene inafotokozedwa mu 2010, imakhudza kayendedwe ka mapuloteni m'kati mwa selo, ndipo mbewu yake imakalamba msanga.

Majiniwa amagwira ntchito zosiyana kwambiri, koma akawonongeka, masamba amaoneka mofananako. N'chifukwa chake munthu sangadziwe jini yowonongeka pongoyang'ana tsamba.

Vuto la zokolola

Kwa mlimi, mpunga wotere paokha ulibe phindu kwenikweni. Tsamba lodzaza ndi mawanga silipanga chakudya chokwanira, choncho mbewu imafupika, ngala zimachepa, ndipo njere zina zimakhala mphwepwa. Funso limene ofufuza akhala akulimbana nalo ndi lakuti kodi n'zotheka kusunga chitetezocho koma osataya zokolola.

Yankho lina linatuluka mu 2023 m'magazini ya sayansi ya Nature, kuchokera ku gulu la Guotian Li wa pa Huazhong Agricultural University ku China, mogwirizana ndi Pamela Ronald wa pa University of California, Davis. Iwo anapeza mbewu ya mawanga pakati pa mpunga wa Kitaake umene majini ake anasinthidwa ndi cheza cha manyutironi. Jini yake, imene anaitcha RBL1, inali itataya zilembo 29 za DNA. Jiniyi imathandiza kupanga mafuta ena a m'khungu la selo. Mbewuyo sinkagwidwa matenda mosavuta, koma zokolola zake zinatsika pafupifupi ka 20.

Pogwiritsa ntchito CRISPR, ofufuzawo anadula jiniyo mosiyanasiyana mpaka anapeza mtundu wotaya zilembo 12 zokha. Mtundu umenewu unali ndi mawanga ochepa, unkalimbanabe ndi blast ndi bacterial blight, ndipo zokolola zake sizinatsike m'minda yoyesera. Komabe mindayo inali ing'onoing'ono, ndipo Kitaake ndi mpunga umene asayansi amaukonda chifukwa chocha msanga, osati umene alimi ambiri amalima. Choncho kusinthaku kuyenera kuyesedwanso m'mitundu imene imalimidwa m'madambo enieni.