Mbiri ya Sun City pa Mapiri a Pilanesberg

Pamene boma la tsankho la ku South Africa linapatula dera la Bophuthatswana m'chaka cha 1977, nililitcha dziko loima palokha ngakhale kuti mitundu yonse ya anthu inakana kulivomereza, panatseguka khomo limene wamalonda wina dzina lake Sol Kerzner sanachedwe kulowapo. Pakuti njuga, imene lamulo linailetsa ku Johannesburg, kumeneko inali yololedwa. Chotero mu Disembala 1979, patsinde pa mapiri a Pilanesberg, m'dziko la Atswana oweta ng'ombe, panaimirira hotela ya Sun City, makina ake a njuga alikulira usana ndi usiku.

Amisiri sanaike pansi zipangizo zao, koma anaonjeza nyumba pa nyumba, kufikira m'chaka cha 1992 anatsiriza The Palace of the Lost City, chinyumba cha nsanja zazitali ndi njovu zosema, pamodzi ndi dziwe la mafunde ochita kukankhidwa ndi makina, lozingidwa ndi mchenga woyera kumene kulibe nyanja.

Koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ndipo m'chaka cha 1985 oimba ambiri otchuka, motsogozedwa ndi Steven Van Zandt, analumbira poyera kuti sadzaimbako, popeza ulemererowo unamera pa misozi ya anthu akuda. Tsankho litagwa mu 1994, ndi njuga italoledwa m'mizinda ina, eni ake a Sun City anayamba kukonzanso zipinda ndi mabwalo, kuti akope mabanja ndi misonkhano. Ndipo lero zidzukulu za iwo amene anasalidwa zimasambira m'mafunde omwewo mwaufulu.