Chisoti cha Dzino

Mawu akuti chisoti, amene makolo ankatchulira chovala cha kumutu ndipo alaliki amatchulira ulemerero wa mafumu, ayeneranso chivundikiro chija chimene dokotala, atayamba walipala dzino lobooka kapena losweka, amaliveka kuti litafunenso. Komabe ambiri amangoti crown. Chisoti cha golide, chinkana mtengo wake ndi wowawa, chimapirira chimanga chokazinga zaka zambirimbiri, pamene cha dothi loyera lowotcha, chofanana ndithu ndi dzino lenileni, ndicho chikomekome cha mkuyu, pakuti chimabenthuka msanga pa mano otafunira. Cha zirconia ndi choyera komanso cholimba. Musanalipire makwacha anu, mufunseni dokotala chisoti choyenera dzino lanu ndi chiti.