Malire Anabwera Tiliko Kale

Tikaima pa Jenda, kum'mwera kwa boma la Mzimba, ndi kuyang'ana chakuzambwe, tiona midzi ndi minda yosasiyana ndi yathu. Komatu kumeneko ndi ku Zambia. Anthu a ku Lundazi alankhula Chitumbuka monga a ku Mzimba, ndipo maukwati ndi maliro zimawasonkhanitsa. Nanga malire amene atilekanitsawa anaika ndani?

Kale dziko limeneli linali la Atumbuka. Angoni a Zwangendaba Jere, pothawa nkhondo za m'masiku a Shaka, anaoloka Zambezi mu November 1835, tsiku la kadamsana. Mfumuyo itamwalira ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, mtundu unagawika. Mpezeni anakakhazikika kumene kuli Chipata, ndipo M'mbelwa anadzamanga pakati pa Atumbuka. Malire a ufumu wake sanalembedwe pa pepala ai. Anali kulekezera pamene mikondo ya ankhondo ake inali kufika. Atumbuka ataukira, motsogoleredwa ndi Baza Dokowe, anagonjetsedwa koopsa pa phiri la Hora.

Kenaka kunadza ena amphamvu koposa. M'chaka cha 1891 Angerezi analengeza kuti maiko a m'mbali mwa nyanja ali m'manja mwao. Podula malire a kuzambwe anatsata mtunda wogawa madzi: kumene mitsinje ithira m'nyanja kunakhala kwathu, kumene ithira mu Luangwa kunagwa m'manja mwa kampani ya Cecil Rhodes. Motero mtsinje wa South Rukuru unatsala kuno, wa Lundazi unapita uko, ndipo abale anasanduka nzika za maiko awiri osafunsidwa.

Mpezeni anagonja pa nkhondo mu 1898. Koma Angoni a ku Mzimba analowa mu ulamuliro wa Angerezi mu 1904 mwa pangano, atakambirana ndi Sir Alfred Sharpe, popanda kukhetsa mwazi. Kulemera kwa panganolo kunaoneka mu 1915, pamene Inkosi Chimtunga anakana kupereka anthu a tengatenga ku nkhondo ya Azungu. Boma linamchotsa pa mpando ndi kumpirikitsira kum'mwera.

Mu 1953 Angerezi anamanga Nyasaland pamodzi ndi Northern Rhodesia ndi Southern Rhodesia m'chitaganya chimene Inkosi M'mbelwa II ndi mafumu ena anachikana kwa mtu wa galu. Chitaganyacho chinatha mu 1963, ndipo pa 6 July 1964 Malawi analandira ufulu. Ulamuliro umene unaoneka ngati wamuyaya unakhala ku Mzimba zaka 60 zokha. Malire ake okha ndiwo anatsala, pakuti chaka chomwecho atsogoleri a Africa anapangana ku Cairo kusasuntha malire amene atsamunda anasiya, poopa nkhondo.

Tsono taonani zimene nthawi yachita. Zidzukulu za ogonjetsa zilankhula chinenero cha ogonjetsedwa, pamene Atumbuka ambiri anatengera lobola ndi ingoma kwa Angoni. Inkosi ya Makosi ikali ku Edingeni, ndipo pa Hora, pamene panagwa anthu, pakhala malo a mwambo wa Umthetho.

Ife makolo, tidzawauza chiyani ana athu? Tikawaphunzitsa kunyoza munthu chifukwa cha mtundu wake, kapena chifukwa wachokera kuseri kwa malire, tidzakhala tikutumikira maufumu amene anatha kale. Malirewo tiwalemekeze, pakuti asunga mtendere. Koma tisaiwale kuti anatipeza tili pachibale, ndipo chibale ndi fupa, sichiola.