Fumbi la ku Corby: Khonsolo Itayeretsa Malo a Fakitale Mosasamala

Mu 1931 Corby unali mudzi wa anthu pafupifupi 1,500 m'dera la Northamptonshire ku England. Chuma chake chinali pansi pa nthaka, m'miyala ya chitsulo. Kampani ya Stewarts & Lloyds itamangapo fakitale yosungunula miyalayo ndi kupanga mapaipi, anthu anakhamukirako, ambiri ochokera ku Scotland, mpaka malowo anayamba kutchedwa Little Scotland. Pofika 1939 anthu anali atakwana 12,000. Ng'anjo zinkayaka usana ndi usiku, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse mapaipi a ku Corby anayalidwa pansi pa nyanja kuti apititse mafuta kwa asilikali ku France.

Mu 1967 fakitaleyo inalowa m'manja mwa boma, pansi pa British Steel Corporation. Mu 1980 ng'anjo zinazimitsidwa. Anthu pafupifupi 10,000 ntchito inawathera, ndipo ulova unafika pa anthu 30 mwa 100 aliwonse.

Chimene fakitale inasiya ndi malo a maekala 680 m'mphepete mwa tawuni: zigumula za nyumba, milu ya phulusa ndi maiwe a matope odzaza ndi chiphe chimene chinaunjikana kwa zaka pafupifupi 50. M'dothimo munali cadmium, chromium, nickel ndi mankhwala ena oopsa. Khonsolo ya Corby inaona kuti tawuni singadzuke pokhapokha malowo atakonzedwa kuti pamangidwe mafakitale atsopano ndi masitolo. Maganizowo anali abwino, ndipo ntchito zambiri zinabweradi. Boma linathandiza mu 1981 popereka mwayi wapadera wa misonkho kwa makampani odzakhazikika kumeneko. Vuto linali kafulumiridwe kake.

Kuyambira chapakati pa zaka za m'ma 1980 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, makontilakitala ankakumba dothi ndi matopewo n'kukataya ku chigwembe cha Deene Quarry, kumene kale ankakumbako miyala. Malole ankadutsa m'misewu ya anthu onse, ambiri osaphimba katundu wake ndi tenti. Matope ankadontha m'mbali mwa lole, ena n'kumamatira kumatayala, chifukwa ntchito yotsuka matayala potuluka pamalopo sinkachitika moyenera. Dzuwa likawala matopewo ankauma, galimoto zina n'kumawapera. Fumbi lake linkatera pamawindo, pagalimoto ndi pazovala zoyanika panja. Amayi oyembekezera ankapuma fumbi lomwelo popita kuntchito ndi kumsika.

Kenaka ana anayamba kubadwa ndi zilema za manja ndi mapazi: ena opanda zala zina, ena zala zolumikizana, ena mapazi opindika. Mayi aliyense ankayesa kuti tsokalo ndi lake yekha. Atayamba kukumana m'zipatala ndi kumva nkhani za anzawo, anazindikira kuti anawo ndi ochuluka kuposa mmene zimakhalira m'tawuni ya kukula kotero.

Mabanja anapita kwa loya Des Collins, ndipo nkhondo ya m'makhoti inatenga zaka zoposa 10. Khonsolo inakana kwa nthawi yaitali kuti ntchito yake ikukhudzana ndi zilemazo. Pa 29 July 2009, woweruza Akenhead wa khoti lalikulu ku London anagamula mlandu wa ana 18. Anapeza kuti pakati pa 1985 ndi 1997 khonsolo inagwira ntchitoyo mosasamala, inaika anthu pachiswe, ndiponso inaphwanya udindo umene lamulo limapereka kwa aliyense wosunga, wonyamula kapena wotaya zinyalala. Udindowo unalembedwa mu lamulo loteteza chilengedwe la 1990. Woweruzayo anati khonsolo inalibe anthu odziwa bwino ntchito yotere, ndipo fumbilo likanatha kuyambitsa zilema za mtundu umenewo. Sanagamule za mwana aliyense payekha, koma anatsegulira mabanja 16 njira yoti apitirize kufuna chipukuta misozi.

Mu April 2010 khonsolo inasiya zokachita apilo, inapepesa, n'kugwirizana kunja kwa khoti ndi mabanja a ana 19, kuphatikizapo ena amene sanali m'gulu la 16 lija. Ndalama zimene mwana aliyense analandira sizinaululidwe.

Mlandu wa Corby unasonyeza poyera kuti malo amene panali fakitale amaopsa kwambiri pa tsiku lowakumba, pamene chiphe chogona pansi chivundulidwa. Unasonyezanso kuti khonsolo singazembe udindo ponena kuti wonyamula dothi anali kontilakitala. Kuyambira mu 2000, makhonsolo a ku England ali ndi udindo woyendera madera awo, kupeza malo oipitsidwa ndi kuonetsetsa kuti akonzedwa. Masiku ano womanga pamalo otere amayenera kuyeza dothi ndi kufotokoza mmene adzalichotsere asanaloledwe kuyamba ntchito.

Khonsolo ya Corby inathetsedwa mu 2021, ndipo ntchito zake zinapita ku khonsolo ya North Northamptonshire. Mu February 2025 Netflix inaonetsa sewero la Toxic Town lofotokoza nkhani ya amayi aja. Chaka chomwecho mabanja ena a m'tawuniyo anapempha khonsolo yatsopanoyo kuti iulule malo onse amene zinyalala za fakitale zinakwiriridwa.